Chiliza cha Dziko: Za Zipilala, Msonkho ndi Amayi Oiwalika

Mwana wanga, Lachisanu lapitali, anzako atathamangira kunja, iwe unatsalira pakhomo la kalasi n'kundifunsa mafunso awiri. Loyamba linali lakuti, "Aphunzitsi, boma limamangiranji zipilala za anthu akufa, ife amoyo tikumwa madzi a m'dambo?" Lachiwiri unalifunsa motsitsa mawu: "Nanga bwanji oimikidwa pazipilalapo amakhala amuna okhaokha?" Ndinakupempha kuti undipatse masiku. Mafunso awiriwa ndi mapasa, ndipo sayankhidwa choimirira. Khala pansi, tiyambire pa zimene ukuzidziwa kale.

Chiliza ukuchidziwa. Ndi chija banja limamanga pamanda a m'bale wawo ndi njerwa ndi simenti, n'kulembapo dzina lake, chaka chimene anabadwa ndi chimene anatisiya. Womwalirayo sadya chiliza, safunda chiliza. Komabe abale amagulitsa mbuzi, wa ku Joni amatumiza yake, wa kumalasha ku Moatize amatumiza yake, mpaka matumba a simenti akwane. Amadzivutitsiranji chotero? Amaopa kuti mvula ikasalaza mtumbira, udzu n'kumera, mdzukulu wobadwa mawa sadzadziwa pamene agogo ake anagona. Sunga mfundo imeneyi: chiliza chimamangidwa pa wakufa, koma eni ake ndi amoyo.

Chipilala cha chikumbutso ndi chiliza cha dziko lonse. Chimamangidwa poyera, pamene aliyense amadutsa, kuti anthu asaiwale munthu wina kapena chinthu china chimene chinachitika. Chikaumbidwa kapena kusemedwa m'maonekedwe a munthu timachitcha chiboliboli. Koma chikumbutso sichikhala mwala nthawi zonse. Dzina la mlatho ndi chikumbutso, dzina la sukulu ndi chikumbutso, tsiku la tchuthi ndi chikumbutso, ngakhale nkhope imene ili pa ndalama ya pepala m'thumba mwako ndi chikumbutso.

Tsopano, chiliza cha banja amasonkha ndi abale. Nanga cha dziko amasonkha ndani? Yankho lili m'mawu omwewo. Liwu lakuti msonkho likuchokera pa kusonkha. Msonkho ndi ndalama imene boma limatolera kwa anthu ndi makampani kuti ligwirire ntchito za onse. Amayi ako akagula katundu m'sitolo amalipira msonkho wotchedwa IVA, umene umabisala m'kati mwa mtengo wa katunduyo. Kuyambira mu 2023 unatsika kuchoka pa 17 kufika pa 16 pa 100 iliyonse. Galimoto za katundu zodutsa pachipata cha Zóbuè zimalipira. Malasha amene sitima imadutsa nawo pano pa Kambulatsitsi, ina kulowera ku Beira, ina kudzera ku Malawi mpaka ku Nacala, nawonso amalipiridwa msonkho.

Ndalama zonsezi zimagawidwa mwa bajeti. Bajeti ndi ndondomeko yolembedwa ya chaka chimodzi, yonena kuti boma lipeza zingati ndipo liwononga zingati pa chiyani. Kwathu kuno imavomerezedwa ndi aphungu 250 a Assembleia da República ku Maputo, ndipo bwalo lotchedwa Tribunal Administrativo ndilo limafufuza pambuyo pake ngati ndalamazo zinapitadi kumene zinalembedwa. Palinso lamulo loteteza chuma cha chikhalidwe ndi mbiri, nambala 10/88, la pa 22 Disembala 1988, limene limaika malo ndi zomangidwa za mbiri m'manja mwa boma kuti lizisamala.

Waona tsono pamene tafika? Chipilala chomangidwa ndi msonkho si mphatso ya mtsogoleri ayi. Ndi chosonkha cha mtundu wonse, ndipo wosonkha ali ndi mawu. Pamaliro, amene wapereka tambala yake saletsedwa kufunsa kuti chiliza chilembedwa dzina la yani. Choncho funso lako lachiwiri lija silinali lamwano. Linali funso la mwini ndalama.

Tiyeni tione zimene zaimikidwa kale. Mu mzinda wa Maputo, pabwalo lalikulu la kutsogolo kwa nyumba ya khonsolo, panali chiboliboli cha Mouzinho de Albuquerque ali pa kavalo. Ameneyu ndi msilikali wa Chipwitikizi amene anagwira mfumu Ngungunyane ku Chaimite mu 1895. Ufulu utabwera mu 1975 anamutsitsa, ndipo lero ali m'linga lakale la mzindawo. Pabwalo lomwelo, pa 19 Okutobala 2011, patatha zaka 25 chichitikire ngozi ya ndege ya ku Mbuzini, anaimikapo chiboliboli cha mkuwa cha Samora Machel, amene anafera pangoziyo, chotalika mamita 9, chopangidwa ndi amisiri a ku North Korea. Mlatho wakale wa ku Tete unkatchedwa Marcelo Caetano, dzina la mtsogoleri wa Portugal. Lero ndi Samora Machel. Watsopano uja wa mu 2014 ndi Kassuende, dzina la msasa wa asilikali a Frelimo. Phunziro lake ndi ili: amene wagwira bajeti ndiye amasankha woti akumbukiridwe, ndipo ulamuliro ukasintha, miyala nayo imasintha.

Sindikunena kuti amayi kulibiretu. Josina Machel alipo. Anabadwa pa 10 Ogasiti 1945, anathawa kwawo kukalowa nkhondo ya ufulu, anatsogolera ntchito yosamalira ana amasiye a nkhondoyo, ndipo anamwalira ku Dar es Salaam pa 7 Epulo 1971 ali ndi zaka 25 zokha. Mafupa ake ali ku Praça dos Heróis ku Maputo, pamodzi ndi a Eduardo Mondlane ndi Samora. Ku Tete kuli dera la dzina lake. Chaka chilichonse pa 7 Epulo, tsiku la amayi a ku Mozambique, amayi ako amavala chitenje chofanana ndi cha anzawo n'kukaika maluwa. Ulemu umenewo ndi woyenera, ndipo ine ndimauchita ndi mtima wonse.

Koma taganiza. Kodi mayi mmodzi angasenze chikumbutso cha amayi a dziko lonse, kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo? Mutu umodzi susenza denga. Ndipo chimene chimandiwawa ine n'chakuti ife Achewa si anthu oti tiphunzitsidwe kulemekeza mayi. Mtundu timawerengera kuchikazi. Mudzi ndi wa mbumba, mkamwini ndi mlendo. Ufumu wa Kalonga unkadutsira mwa Nyangu, mayi wa mafumu, ndipo mvula ankaipempha kwa Makewana ku Msinja. Makolo athu ankadziwa kuti mtundu umaima pa mayi. Koma mwala wa simenti ndi mkuwa utafika, unabwera ndi chizolowezi cha eni ake: msilikali pa kavalo, mtsogoleri atakweza chala.

Tsopano tikulowa m'gawo lolemera, ndipo ndikupempha kuti umvetsere bwino. Pali mawu akuti kulakwiridwa kwa m'mbiri. Tanthauzo lake ndi choipa chimene chinachitikira gulu la anthu kalekale, ndi chilolezo cha olamulira, ndipo sichinaweruzidwe, sichinalipidwe, mwinanso sichinavomerezedwe n'komwe. Akuluakulu athu ali ndi mawu afupi onenera zomwezi: mlandu suwola.

Mlandu woyamba ndi chibalo, ntchito yokakamiza ya nthawi ya Apwitikizi. Amuna akagwidwa kupita kumisewu, kunjanji ndi kuminda ya azungu, kapena akathawira ku Halale ndi ku Joni, khasu linkatsala m'manja mwa mayi. Kuyambira mu 1938 mpaka mu 1961 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kulima thonje m'madera ambiri, kuphatikizapo chigwa cha Zambezi. Mtengo ankaika ndi ogula. Munda wa chakudya unkalimidwa ndi mphamvu yotsala. Thonje likaperewera, kunali mbalamatodya, thabwa lija lobooka ankamenyera m'zikhato mpaka kutupa. Zikhato zambiri zimene zinatupa zinali za amayi, ena ali ndi mwana kumbuyo.

Mlandu wachiwiri ndi wakale kuposa pamenepo. Mu 1917 anthu a ku Barue anaukira Apwitikizi, ndipo moto wake unafalikira m'chigwa cha Zambezi mpaka ku Zumbo. Chimodzi mwa zimene zinawakwiyitsa chinali msewu wochokera ku Tete kupita ku Macequece, umene unkalimidwa ndi anthu ogwidwa, pamene asipayo, apolisi achikuda a atsamunda, ankagwirira amayi ndi atsikana. Mabuku a mbiri amatchula mafumu a banja la Makombe amene anatsogolera nkhondoyo. Amatchulanso mtsikana wobwebweta mizimu amene anaitana anthu kuti adzuke ndi kugwirizana. Amangomutcha Mbuya.

Wachitatu ndi wa nkhondo ya ufulu. Gulu la asilikali achikazi la Frelimo, Destacamento Feminino, linakhazikitsidwa pa 4 Malichi 1967, ndipo mu 1968 nkhondo inayaka m'chigawo chathu cha Tete. Zida sizinkabwera pa galimoto. Zinkayenda pamitu ya anthu kuchokera kumalire a Zambia, usiku, m'tchire, mpaka kuoloka Zambezi, ndipo ambiri mwa osenzawo anali amayi ndi atsikana. Ena sanagwirepo mfuti ngakhale tsiku limodzi. Ankasinja, kuphika, kubisa ufa m'phanga, ndi kukana kuulula pamene asilikali a boma awafunsa. Popanda nsima yawo palibe msasa umene ukadakhala mwezi.

Wachinayi ndi Wiriyamu, ndipo pamenepa ndichedwapo. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Chipwitikizi analowa m'midzi ya Wiriyamu, Chaworha, Juwau ndi ina yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Anapha anthu wamba, ena powaombera, ena powatsekera m'nyumba n'kuzitentha. Opulumuka anafika ali ovulala kwa asisitere ndi ansembe, ndipo ansembe a ku Spain otchedwa a Burgos analemba zimene anamva, pamodzi ndi maina a akufa. Pepalalo linatuluka m'dziko mobisa. Pa 10 Julayi 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, analitulutsa m'nyuzipepala ya The Times ku London, kutatsala masiku ochepa kuti Marcelo Caetano afike mu mzindawo. Boma la Portugal linakana. Ena anafika ponena kuti mudzi wotchedwa Wiriyamu kulibe.

Chinawatsutsa n'chiyani? Maina. M'pepala lija munali dzina la mayi wina, Vaina, amene anaphedwa atanyamula mwana wake wakhanda. Munali dzina la Zostina, amene anaphedwa ali ndi pakati. Nambala munthu angathe kuikana, n'kunena kuti yakokomezedwa. Dzina ndi lovuta kulikana, chifukwa dzina lili ndi amayi ake, lili ndi mlongo wake, lili ndi mudzi. Patapita zaka zambiri wolemba mbiri wobadwira ku Mozambique, Mustafah Dhada, anayenda m'midziyo n'kusonkhanitsa maina 385. Mu Seputembala 2022, patatha pafupifupi zaka 50, nduna yaikulu ya Portugal panthawiyo, António Costa, anapepesa ali ku Maputo. Ku Wiriyamu kuli chipilala lero. Mlandu sunawole, chifukwa panali ena amene analemba ndi kusunga.

Wachisanu ndi wa dzulodzulo, ndipo agogo ako akuudziwa kuposa ine. Nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, inathamangitsira ku Malawi anthu pafupifupi 1 miliyoni. Msewu wa Tete mpaka Zóbuè unkayendedwa pa mdipiti wa galimoto woperekezedwa ndi asilikali. Amene analibe galimoto anadzera m'mapiri, mwana kumbuyo, wina kudzanja, mphika pamutu, mpaka ku Mwanza. Mu 2015 ndi 2016 zinabwerezanso pang'ono, pamene mabanja a kuno ku Moatize anathawira ku Kapise. Nkhondo imeneyi inali ya pachibale, choncho anthu saikamba momasuka. Koma ana amene anafika amoyo kutsidya lija, lero ndi aphunzitsi, anamwino ndi alimi, ndipo anafika chifukwa wina anawabereka.

Apa ndiyenera kukuchenjeza kuti usasokoneze zinthu ziwiri. Pali chipukuta misozi, ndiye kuti ndalama kapena katundu woperekedwa kwa wolakwiridwa. Palinso chikumbutso. Chipilala si chipukuta misozi. Sichibweza munda, sichichiza chikhato, sichilipira penshoni ya mayi amene anasenza zipolopolo. Boma limene limanga chipilala kuti lizembe kulipira likupusitsa anthu. Ntchito ya chipilala ndi ina: kuvomera poyera, m'dzina la mtundu wonse, kuti izi zinachitikadi, zinachitikira awa, ndipo zinali zoipa. Pabwalo la mfumu, wolakwa asanapereke nkhuku amayamba wavomera. N'chifukwa chake ndalama yake iyenera kukhala ya boma. Munthu wachifundo akamanga ndi ndalama zake, ndiye kuti iye yekha ndiye wavomera. Likamanga boma ndi msonkho, tavomera tonse.

Tibwerere tsono ku funso lako loyamba, la madzi. Usalichite manyazi, anthu akuluakulu analifunsa iwe usanalifunse. Ku Harare, pa 25 Meyi 2021, boma la Zimbabwe linatsegulira chiboliboli cha Mbuya Nehanda, mayi wobwebweta mizimu amene atsamunda anamunyonga mu 1898. Chili pamphambano ya misewu ya Samora Machel ndi Julius Nyerere. Ambiri anakondwa kuti mayi wachikuda waimikidwa pakati pa likulu. Ambirinso anadandaula, chifukwa inali nthawi ya mliri wa korona, ndipo zipatala zinali pamavuto. Kuonjezera apo, chiboliboli choyamba chitaonetsedwa anthu anachikana, n'kunena kuti sichikufanana ndi mayi wa pachithunzi chakale uja, mpaka mmisiri anaumba china. Ndalama ziwiri pa ntchito imodzi, chifukwa eni ake sanafunsidwe poyamba.

Ku Blantyre mu 2018 kunachitika zina zophunzitsanso. Ntchito yoimika chiboliboli cha Mahatma Gandhi itayamba, achinyamata ena anapita kukhoti, ponena kuti munthuyo analankhula zonyoza anthu akuda ali ku South Africa, ndipo khoti linaimitsa ntchitoyo. Koma dziko lomwelo la Malawi mu 2012 linaika nkhope ya Rose Chibambo, mayi womenyera ufulu, pa ndalama ya K200. Ukafika pamsika wa Zóbuè, pamene kwacha ndi metikali zimayendera limodzi, upemphe wosintha ndalama akuonetse. Chikumbutso chimenecho sichinafune maziko kapena mlonda, koma chimalowa m'nyumba iliyonse.

Maganizo anga ndi awa, ndipo uli ndi ufulu wowatsutsa ukakula. Mudzi wopanda mjigo usalandidwe mjigo chifukwa cha chiboliboli cha mkuwa chochokera kunja. Pamenepo ndili mbali yako. Koma kunena kuti tidikire mavuto onse athe tisanakumbukire amayi athu, n'kunena kuti tisawakumbukire mpaka kalekale, pakuti mavuto satha, pamene mboni zikutha chaka ndi chaka. Ndipo taona: mawu akuti "ndalama palibe" samveka kwambiri akamaimika mwamuna. Amatulukira pamene wina watchula mayi.

Njira yapakati ilipo, ndipo si yodula. Sukulu imene ikumangidwa kale ingathe kupatsidwa dzina la mayi wa m'deralo. Chipinda cha amayi oyembekezera, mjigo, msika, zonsezi zimasowa maina. Khoma limodzi la njerwa zootcha pabwalo la ofesi ya posto, lolembedwa maina a amayi amene anasenza, anabisa, anathawitsa ana, lingamangidwe ndi amisiri a pano pomwe, ndi simenti yosaposa ya nyumba imodzi ya mphunzitsi. Koma bajeti yake ikhale ndi mzere wa chisamaliro, ndiye kuti ndalama yopentera ndi kulambula chaka ndi chaka. Chiliza chomera chitsamba chimanyoza kuposa manda opanda chiliza.

Ndalama yake ingachokere kuti? Kuyambira mu 2013, boma limabwezera 2.75 pa 100 iliyonse ya msonkho wa zokumbidwa m'nthaka kwa anthu okhala kumene migodi ili. Cateme, pafupi ndi ife pano, ndi amodzi mwa malo olandira. Kumeneko kunasamutsidwira mabanja oposa 700 mu 2009 ndi 2010 kuti apereke malo ku mgodi wa malasha. Anthu amenewa anasiya mitengo, madambo ndi njira zimene zinkawakumbutsa makolo awo, choncho nkhani ya chikumbutso kwa iwo si ya m'buku. Zochita ndi ndalama zotere zimayenera kukambidwa mu conselho consultivo, bwalo la alangizi la m'dera, mmene mumakhala mafumu, atsogoleri ndi oimira anthu wamba. Bwalolo likasankha mjigo, lasankha bwino. Likasankha mjigo n'kulembapo dzina la mayi, lasankha bwino kawiri. Chofunika n'chakuti amayi akhalemo ndipo alankhule, osati kungoitanidwa kudzavina tsiku lotsegulira.

Koma pali chinthu chimodzi chimene bajeti singagule, ndipo popanda icho khoma lija lidzakhala lopanda kanthu. Ndicho maina. Ku Wiriyamu chipilala chinabwera pambuyo. Patsogolo panali munthu ndi pepala. Maina a amayi a kuno sali ku Maputo, sali ku Lisbon. Ali m'mitu ya agogo amene akuothera dzuwa kuseri kwa nkhokwe ku Kambulatsitsi, ku Cateme, ku Zóbuè.

Ntchito yako ya tchuthi chino ndi iyi. Tenga kope latsopano. Pita kwa agogo ako aakazi madzulo, ntchito zikatha, ugwade monga mwa mwambo, uwapemphe kuti akuuze za amayi awo ndi agogo awo. Usawafulumize. Akafika pamene sakufuna kunena, usakakamize. Zina ndi zilonda, ndipo eni ake ndiwo amadziwa poti n'kukhudza. Lemba dzina lenileni la munthu, osati "mkazi wa uje" kapena "make uje" pokha. Lemba mfunda wake, mudzi wake ndi mfumu yake, chimene anachita kapena chimene anachitidwa, ndi chaka ngati chikudziwika. Chaka chikasowa, lemba chizindikiro chimene agogo akupatsa, kaya ndi chaka cha dzombe, kaya ndi chaka chimene anaoloka kupita ku Mwanza. Ukamaliza uwawerengere zimene walemba kuti akonze polakwika, ndipo uwafunse ngati akulola kuti ena amve. Akakutumiza kwa mnzawo wa kutsidya la mtsinje, pita. Tsiku lotsegulira sukulu ubwere nalo kopelo, ndipo anzako ndiwauza kuti abwere ndi awo.